Fupa Losatha

M'bokosi la machesi limene limakhala m'dilowa ya tebulo langa muli kanthu koyera, kakang'ono ngati theka la njere ya nyemba. Mlendo akakaona amayesa ndi chibenthu cha mbale yadothi. Mdzukulu wanga tsiku lina adakapeza nandifunsa ngati ndi mankhwala, ndipo ine ndidangoseka, pakuti kulongosola kwake n'kwakutali. Kanthuko ndi chibenthu cha dzino la galu. Ndidakatola pakhonde la nyumba ina ku Randburg, mumzinda wa Johannesburg, m'mawa wina wa mwezi wa Meyi 2019, ndipo ndidakaika m'thumba la ovolosi m'malo mokapereka kwa mwini galu. Nkhani yonse imene ndikufuna kukambirana nanu, awerengi, yachokera pa kuika m'thumbako.

Ndiyambe ndi kudziulula. Ndidaphunzitsa pulayimale zaka 21 m'boma la Ntcheu, ndipo ngongole zitandikwana, mu 2014, ndidakwera basi ya ku Joni monga achitira anzathu ambiri. Ntchito imene ndidaipeza idali ya pabwalo: kutchetcha kapinga, kudulira maluwa, kutsuka galimoto ndi kuyeretsa dziwe losambiramo. Dzina la ntchitoyo ndi gadeniboyi, ngakhale woigwirayo imvi zitamera. Pabwalopo padali galu wamtundu wa Boerboel, mtundu umene Mabunu adaweta kuti uzilondera mafamu awo. Dzina lake lidali Wagter, liwu la Chibunu lotanthauza mlonda. Mutu wake udali ngati mtondo, ndipo pa sikelo ankaposa thumba la chimanga. Bwana ndi madamu ankachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, ana awo adali atakula n'kukayamba makomo awo, choncho tsiku lonse mumpandamo tinkatsala awiri, ine ndi iye.

Kwathu galu sagulidwira choseweretsa. Galu amene ndidakula naye, Tilibemlandu, amene agogo adamutcha dzinali pofuna kulasa anthu ena a tsidya la dambo, ankadya makoko a nsima, mafupa otsala tikadya nyama, ndi zimene wadzipezera yekha kuthengo. Akafuna chotafuna ankachipeza: chitsononkho, chikopa chouma cha mbuzi, nyanga yotayidwa kudzala. Palibe adayang'anapo m'kamwa mwake kuti awerenge mano, ndipo sindinganame kuti adali ndi moyo wabwino kuposa wa Wagter, pakuti nkhupakupa zidamufika mpaka m'makutu, ndipo adafa asanakalambe. Koma adali ndi ntchito, mtunda woyenda ndi agalu anzake. Wagter adali ndi chakudya cha m'thumba choyezedwa ndi kapu, katemera, bulangete, ndi mpanda wa njerwa wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Nsagwada zimene makolo ake ankaopsezera nazo zilombo zidalibe chochita. Choncho ankatafuna chilichonse: payipi yothirira maluwa, mwendo wa mpando wa pakhonde, jombo zanga, ndipo tsiku lina waya wa pampu ya dziwe.

Madamu adayesa zidole zamitundumitundu. Zansalu ankazing'amba ola lisanathe. Chingwe chopota ankachimasula ulusi umodziumodzi. Zamphira zofewa zinkatha masiku awiri, kenaka zidutswa zake n'kumwazika pa kapinga yense, zina n'kutulukira m'chimbudzi chake zili ndi mtundu wake womwewo, wofiira kapena wobiriwira. Wotola zonsezo ndidali ine. Choncho tsiku limene madamu adandipatsa marandi 300 n'kunena kuti ndikamusankhire ndekha chotafuna, popeza ndine ndinkamudziwa bwino galuyo, ndidapita ku sitolo ndi ganizo limodzi: ndikagule chinthu chimene sadzachitha.

Sitoloyo idali ya ziweto zokhazokha, ndipo khoma lathunthu lidali la zotafuna. Ndidamuuza mnyamata wogulitsa kuti andipatse cholimba kuposa zonse. Adanditsitsira fupa la nayiloni, loyera, lolemera, lalitali ngati mkono wa mwana, lonunkhira nyama yootcha. Pa pepala lake padali chithunzi cha galu wamkulu ndi mawu akuluakulu olonjeza kuti ngakhale galu wamano bwanji sangalithe. Ndidaligogoda pa kauntala ndipo lidalira ngati mpini wa nkhwangwa. Ndidamwetulira. Kuseri kwa pepalalo kudali timalemba ting'onoting'ono timene sindidawerenge, ine mphunzitsi amene kwa zaka 21 ndinkakalipira ana chifukwa choyankha mayeso asanawerenge malangizo.

Musandiweruze msanga pa kusankhako, chifukwa kudachokera m'phunziro labwino. Munthu wosauka amaphunzira akadali mwana kuti chinthu chabwino ndi chimene chimakhalitsa. Amayi ankagogoda mphika pamsika asanaugule. Bambo ankatamanda njinga ya Humber ndi makina a Singer chifukwa zinkakalamba pamodzi ndi eni ake n'kutsalira ana. Nsalu yosuluka msanga, khasu lopindika pa nthaka youma, nsapato yomatuka pa mvula yoyamba, zonsezi kwa ife ndi kuberedwa. Tikati chinthu n'cholimba ndiye kuti tachiyamikira, ndipo liwu lomwelo timaliperekanso kwa munthu: mwamuna wolimba, mayi wolimba mtima. Sindidaganizepo kuti pangakhale zinthu zimene ubwino wake uli m'kutha kwake.

Wagter adalikonda fupalo. Ankagona nalo pakhonde, n'kuligwira ndi miyendo yakutsogolo, n'kulilowetsa chakumbali kwa kamwa, kumene kuli mano aakulu odulira, ndipo phokoso la kukukuta kwake linkamveka mpaka kugeti. Payipi idapuma, mipando idapuma, inenso ndidapuma. Madamu adandiyamikira pamaso pa alendo kuti ndathetsa vuto limene iwo lidawakanika. Patatha milungu isanu, ndikusesa pakhonde, ndidaona fupalo lili ndi timadontho tamagazi, ndipo pambali pake padali kachibenthu koyera. Poyamba ndidayesa kachoka ku fupalo. Nditakatola ndidaona kuti mbali imodzi n'kosalala ndi konyezimira, mbali inayo n'kachikasu. Fupa lidali lathunthu, longokandika pang'ono.

Ndidamuitana galuyo ndipo adabwera akugwedeza mchira ngati masiku onse. Madzulo adadya chakudya chake chonse. Ndidadziuza kuti akadakhala akumva ululu sakadadya. Ndidatsuka magazi pa fupalo, ndidalibisa m'shedi kuseri kwa matumba a manyowa, ndipo madamu atafunsa ndidati mwina walikwirira m'maluwa. Zifukwa ndidali nazo. Mapepala anga okhalira m'dzikomo sadali olongosoka, ana awiri adali ku sekondale kumudzi, ndipo pa mageti a m'dera limenelo tsiku ndi tsiku pankagogoda anthu ofuna ntchito yangayo. Koma ndikafufuza bwino mumtima, mantha a kuchotsedwa ntchito sadali aakulu kwenikweni, pakuti madamu sadali munthu wotero. Chimene sindidafune kutaya chidali chiyamikiro chija.

Padapita milungu itatu. Ndinkamuona akutafunira mbali imodzi, nthawi zina chakudya chikugwa m'kamwa, nthawi zina akudzikanda kumaso ndi phazi. Akulu adati galu wamkota sakandira pachabe, koma ine ndinkayang'ana kumbali. Tsiku lina Lolemba adadzuka ndi chotupa pansi pa diso lamanzere, chachikulu ngati dzira la nkhuku. Madamu adayesa walumidwa ndi njuchi. Dokotala wa ziweto adangokweza mlomo wa galuyo n'kuona zonse.

Popeza ndine ndinkamugwira galuyo patebulo, ndidamva zonse zimene dokotalayo adalongosola, ndipo zina ndidaziwerenga pambuyo pake chifukwa nkhaniyi idandikhala pamtima. Galu wamkulu ali ndi mano 42. Mwa onsewo, lalikulu la kumtunda chakumbali limagwira ntchito ngati sizasi pamodzi ndi linzake la m'munsi, ndipo ndi limene limabenthuka kawirikawiri galu akaluma chinthu chosagonja. Chikuto choyera cha dzino la galu n'chopyapyala, sichifika milimita imodzi, pamene cha munthu malo ena chimapitirira mamilimita awiri. Komatu mphamvu ya nsagwada za galu wamkulu imaposa yathu kutali. Chibenthu chikachoka n'kusiya mtima wa dzino poyera, tizilombo timalowa n'kutsata mizu, ndipo mizu ya dzino limeneli, imene ilipo itatu, imathera pansi pa diso. Ndiko kudachokera chotupacho. Dokotalayo adawonjezera mawu amene adandilasa ngakhale sadali kunena ine: galu sasiya kudya chifukwa cha dzino, amangopirira, choncho kudya kwake sikutanthauza kuti ali bwino.

Adamugonetsa ndi mankhwala, adadula dzinolo m'zigawo n'kuzula muzu uliwonse pawokha, n'kusoka nkhama. Bilu idapitirira marandi 8,000. Potuluka adatiphunzitsa muyeso wosavuta umene madokotala a mano a ziweto amauza anthu. Tenga chotafunacho, uchidinde ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Ngati chikhadabo sichisiya chizindikiro, n'cholimba mopitirira. Kapena udzifunse ngati ungalole kuti munthu akumenye nacho pabondo. Pa muyeso umenewu nayiloni wolimba amalephera, nyanga zimalephera, ziboda zimalephera, ngakhalenso mafupa enieni a miyendo ya ng'ombe. Ine ndidatsutsa chamumtima kuti nanga zilombo zakuthengo zimatani. Ndidadzapeza kuti nazonso zimalipira. Katswiri wina wa ku America, Blaire Van Valkenburgh, adayeza zigaza za mikango, akambuku, mimbulu ndi afisi zosungidwa m'nyumba za zinthu zakale, ndipo mu 1988 adalemba kuti pafupifupi chimodzi mwa zinayi zilizonse chidali ndi dzino limene lidathyoka nyamayo ikadali moyo. Afisi, akatswiri a kuphwanya mafupa, ndiwo adali patsogolo.

Apa ndi pamene nkhani ya galu idasanduka funso limene lakhala likundisowetsa tulo. Zinthu ziwiri zikamakhuzana tsiku ndi tsiku, chimodzi chiyenera kutha. Palibe nzeru ya munthu imene ingachotse lamulo limeneli. Chimene nzeru ingachite ndi kusankha chakuthacho. Ndidagwira choko zaka zonse zija osaona kuti adamupanga wofewa dala kuti bolodi likhale. Mphira wa buleki ya njinga amadyeka kuti limu isadyeke, ndipo wokonza njinga amene angakuikireni buleki yachitsulo ponena kuti siidzatha ndiye kuti wakugulitsani ngozi. Fyuzi ya m'nyumba ntchito yake ndi kupsa, kuti nyumba isapse. M'zinthu zonsezi wopanga adakhala pansi nafunsa kuti chotsika mtengo ndi chiti, chosavuta kusintha ndi chiti, nachipatsa udindo wa kutha. Fupa langa lija lidatembenuza dongosolo limeneli. Lidakana kutha, choncho kuthako kudasamukira ku dzino, chinthu chimene galu wamkulu sameranso.

Chodabwitsa n'chakuti nayiloni yemweyo adalowa m'nyumba za anthu ngati bwenzi la mano. Wallace Carothers ndi anzake a ku kampani ya DuPont adamupanga mu 1935, ndipo mu 1938, masokosi a akazi asanatchuke, adayamba kugulitsidwa ngati tiulusi ta miswachi. Ali ulusi amapindika n'kutsuka dzino. Akaumbidwa chibuma amatha kulithyola. Mafupa a nayiloni a agalu adayamba kugulitsidwa ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo agalu ambirimbiri amawatafuna moyo wawo wonse osavulala. Izi ndiyenera kuzinena, chifukwa sindikulemba kuti ndiipitse malonda a munthu. Alipo ofewerako, alipo oyezedwa pa msinkhu wa galu. Ine ndidapempha lolimbitsitsa ndipo ndidapatsidwa chimene ndidapempha.

Wina anganene kuti basi, yankho lapezeka, tizigula zofewa. Zikadakhala choncho sindikadavutika kulemba. Chofewa chimang'ambika, ndipo galu ngati Wagter sataya chimene wang'amba, amameza. Mphira ndi nayiloni sizigayika m'mimba. Kachidutswa kofanana ndi njere ya mpunga kamadutsa, koma chidutswa chachikulu chimatha kutseka matumbo, ndipo pamenepo galu amasanza, amafooka, n'kufa ngati sachitidwa opaleshoni msanga. Ulusi wa chingwe ndi woopsa mwanjira yake: mbali imodzi ikakodwa, matumbo amakwinyika pa ulusiwo ngati nsalu pa chingwe cha kabudula, n'kuchekeka. Ngakhale mpira wa tenesi, umene umaoneka wopanda chifukwa, ubweya wake ukagwira mchenga umapala mano pang'onopang'ono ngati sandipepa. Cholimba chimaopseza dzino, chofewa chimaopseza matumbo, ndipo pakati pa ziwirizi pali kanjira kopapatiza kamene kamasiyana galu ndi galu.

Munthu mmodzi amene adakapeza kanjirako adakapeza mwangozi. Joe Markham wa ku Denver, m'chigawo cha Colorado, adali ndi galu wotchedwa Fritz amene ankatafuna miyala mpaka mano kuperepeseka. Tsiku lina akukonza galimoto ya Volkswagen adamuponyera kachipangizo ka mphira kochokera kunsi kwa galimotoyo, ndipo galuyo adakakonda kuposa miyala. Markham adatha zaka akuyesa mphira wosiyanasiyana, ndipo mu 1976 adayamba kugulitsa chidole chotchedwa KONG, chobooka pakati, chimene chimafinyika dzino likachiluma n'kubwerera m'malo. Chimene chimandigwira mtima m'nkhaniyi ndi poyambira pake. Munthuyo adayamba ndi kuyang'ana m'kamwa mwa galu wake. Ine ndidayamba ndi kuyang'ana pa kapinga amene ndinkasesa. Komabe chidole champhira nachonso chimatha, ndipo chikayamba kung'aluka chiyenera kutayidwa. Timalemba tija timene sindidawerenge timanena zomwezo pa zidole pafupifupi zonse: kuti palibe chosaonongeka, kuti galu aziyang'aniridwa akamatafuna, kuti chidolecho chiziyenderedwa kawirikawiri ndipo chikaperepeseka chitayidwe. Kutsogolo kwa pepala amakugulitsani mpumulo, kuseri kwake amakubwezerani ntchito.

Ndipo apa pali nkhani ya chilungamo. Wogula ndi wina, wotafuna ndi wina. Mawu onse a pa pepala amalankhula kwa wogula, amene amafuna kusunga ndalama, kusunga mipando ndi kupeza mtendere. Kwa wotafunayo chimalankhula ndi fungo lokha, fungo la nyama limene adalilowetsa m'pulasitiki kuti asaleke. Galu akapeza fupa lenileni amalikukuta, ndipo nyama ndi mafuta zikatha chidwi chimazirala. Fupa lopangali limamulonjeza nyama imene sadzaifika, choncho amawonjezera mphamvu. Sangawerenge chenjezo, sangabweze katundu ku sitolo, sangauze munthu kuti apa pakupweteka. Malamulo nawonso samuona kwenikweni. Ku Ulaya ndi ku America zidole za ana zili ndi miyeso yokhwima imene ziyenera kukwaniritsa zisanafike pa shelefu, koma malamulo amenewo adalembedwera ana, ndipo zidole za agalu sizikakamizidwa kudutsamo. M'kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, ofufuza a pa yunivesite ya Texas Tech adaviika zipangizo zapulasitiki zophunzitsira agalu m'madzi ofanana ndi malovu, napeza kuti zimatulutsa mankhwala otchedwa BPA ndi phthalates, amene amadziwika kuti amasokoneza mahomoni m'thupi. Mlonda yekhayo amene wotafuna ali naye ndi munthu amene wayima pa kauntala ndi ndalama m'manja. Tsiku lija mlondayo ndidali ine, ndipo ndinkaganiza za tsache.

Loweruka lotsatira ndidapita ku Cosmo City kukacheza kwa msuweni wanga amene ankagwira ntchito yomanga. Titadya ndidamufotokozera zonse, mpaka za m'thumba. Adaseka mpaka kutsamwa.

"Achimwene," adatero, "inu mukusowa tulo chifukwa cha dzino la galu wa mzungu? Nanga lanulo akuzulani ndani?"

Adali kunena zoona. Nthawi imeneyo ndidali ndi dzino lobooka limene ndinkalinyengerera ndi mankhwala opha ululu a pagolosale, chifukwa ndinkazengereza kupempha tsiku lokaima pamzere kuchipatala. Chaka chomwecho, pa 1 Januwale 2019, dziko la South Africa lidayamba kutsatira lamulo la malipiro ochepetsetsa, marandi 20 pa ola, koma kwa ife ogwira ntchito m'nyumba ndi pabwalo lidati marandi 15. Kusiyanako kudatha mu 2022. Ine ndinkalandira moposerapo pang'ono, komabe dzino la Wagter lidadya ndalama yofanana ndi malipiro anga a miyezi iwiri ndi kanthu pamwamba. Ndinganame nditati bilu ija siidandiwawe mtima.

Koma ndalingalira mawu a msuweni wanga zaka zonsezi ndipo sindikuona kuti amandimasula. Kusiyana kwa galu wa olemera ndi munthu wosauka ndi mlandu weniweni, wofunika kuzengedwa, koma wozengedwa si galuyo. Wagter sadalembe malipiro anga. Langa lipweteke, lisapweteke, dzino lake linkapwetekabe chimodzimodzi, usiku uliwonse wa milungu itatu ija, ndipo wodziwa ndidali ine ndekha. Immanuel Kant, wanzeru wa ku Germany, ankaphunzitsa kuti munthu alibe udindo wolunjika kwa nyama, koma asamaizunze chifukwa wozunza galu amaumitsa mtima wake kwa anthu anzake. Jeremy Bentham wa ku England, mu 1789, adaika muyeso pa kumva kuwawa, osawerengera ngati cholengedwacho chili ndi nzeru kapena chilankhulo. Ine ndili kumbali ya Bentham. Maganizo a Kant amasandutsa galu bolodi loyesererapo khalidwe langa, ngati kuti choipa chimene chidachitika pakhonde paja chidachitikira mtima wanga. Chidachitikira nsagwada ya galu. Ngakhale agogo anga, amene sadamvepo za azungu awiriwa, pobwera ku uzimba sankalola kuti nyama igawidwe agalu asanapatsidwe matumbo, ndipo chifukwa chimene ankapereka chidali chachifupi: nawonso athamanga.

Kant ndimusiyire gawo lake ndithu, pakuti mtunda wa pakati pa mbale ya galu ndi ya mwana si wautali. Mu 2007 agalu ndi amphaka ambiri ku America adafa ndi matenda a impso chifukwa cha mankhwala otchedwa melamine, amene anthu achinyengo adathira m'zopangira chakudya cha ziweto kuti zioneke ngati zili ndi zomanga thupi zambiri. Chaka chotsatira mankhwala omwewo adapezeka mu mkaka wa makanda ku China, ndipo ana pafupifupi 300,000 adadwala, ena n'kumwalira. Galu ndi khanda onse amalandira chimene wina wawasankhira.

Pali chinanso chimene fupa lija lidandikumbutsa, ndipo ichi ndimachinena movutikira. Bambo anga adali a ku Wenela. Adagwira m'migodi ya golide kufikira pamene ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu Epulo 1974, n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu adaletsa kulemba anthu a kumigodi. Adabwera ndi sutikesi yachitsulo, wailesi, ndi mtima umene mgodi udauotcha ngati njerwa. Sindidawaonepo akulira, sindidawamvepo akunena kuti ndalakwa. Pa maliro awo anthu adasinthana kuwatamanda kuti adali chitsulo, munthu wosagwedezeka, ndipo zidali zoona. Sitidagonepo ndi njala ngakhale chaka cha chilala. Sindikuwazenga mlandu, pakuti munthu wofewa sakadatuluka wamoyo m'dzenje muja. Koma mwana amakula ndi kuluma. Amayesa mano ake pa kholo, amatsutsa, amakankha, kuti adziwe mphamvu zake, ndipo amafunika kholo limene lingafinyike pang'ono n'kubwerera m'malo. Mkulu wanga adaluma kamodzi, ali ndi zaka 17, pa nkhani ya sukulu. Bambo sadakandike n'komwe. Mkulu wangayo adalowera ku Zambia ndipo adabwera kudzaponya dothi basi. Kumanda kuja, pamene anthu ankanena za chitsulo, iye adayima kumbuyo kwa onse, maso ali pansi.

Kulimba komweko ndidapita nako ku Joni. Amene adakhalako akudziwa kuti pa zikwangwani za m'masitolo ndi pa intaneti, munthu wofuna ntchito ya m'nyumba amalemba kuti ndi Mmalawi ngati chiyeneretso, chifukwa tidatchuka kuti ndife okhulupirika, osatopa, osadandaula. Ndinkanyadira mbiri imeneyi, ndipo mbali ina ndimainyadirabe. Koma ndikaiyang'anitsitsa ndimaona mawu a pa pepala la fupa lija: mutenge uyu, sadzakuvutitsani, sadzatha. Ndidavomera kukhala katundu wotero. Sindidapemphe tsiku lokazulitsa dzino langa chifukwa wantchito wosatha sadwala. Sindidaulule za chibenthu chifukwa wantchito wosatha salakwa. Mbiri yanga idatuluka yathunthu, yongokandika pang'ono, ndipo wolipira adali galu.

Pobwerera kuchokera kwa dokotala, Wagter ali gone kumpando wakumbuyo, malovu a magazi akudontha pa thaulo, madamu adafunsa chimene galuyo adaluma. Ndidati ndi fupa lija, ndipo ndidavomera kuti ndine ndidasankha lolimbitsitsa. Iwo adakwiyira kampani. Adati adzalemba kalata, adati n'kulakwa kugulitsa chinthu chotero, adati ine ndisadandaule chifukwa sindikadadziwa. Adanditsegulira khomo ndipo ndidatulukirapo. Pa kusankha fupalo adanena zoona ndithu, mlandu tidagawana ambiri: wopanga amene adalemba lonjezo ndi zilembo zazikulu n'kuika chenjezo m'ting'onoting'ono, wogulitsa amene sadafunse kanthu, ine amene sindidawerenge. Koma milungu itatu ija idalibe wogawana naye. Dzinolo likadaonedwa m'masiku oyambirira, likadapulumutsidwa kapena kuzulidwa mafinya asanasonkhane. Kachibenthu kadali m'thumba langa m'galimoto momwemo, ndipo ndidakagwira ndi zala ulendo wonse.

Wagter adachira msanga. Patatha mlungu umodzi adali kuthamangitsa mbalame za hadeda pa kapinga ngati kamwana, ndipo m'pamene ndidazindikira kuti milungu ija adali atasiya kuthamanga. Adamugulira chidole champhira chobooka, chimene ndinkachidzaza chakudya n'kumupatsa ndili pomwepo, ndipo miyezi ingapo iliyonse ndinkachitaya n'kupempha ndalama ya china. Ndidayambanso kuyenda naye m'mawa uliwonse mpaka kupaki, ndipo kuyendako kudachepetsa kutafuna kuposa chidole chilichonse. Tidakhala limodzi miyezi ya mliri wa Covid-19 mu 2020, titatsekeredwa mumpanda umodzi, ndipo mu 2021 ndidabwerera kumudzi. Dzino langa adandizula kuno.

Mu 2023 madamu adanditumizira uthenga pa WhatsApp kuti Wagter wafa ndi ukalamba, pamodzi ndi chithunzi chake atagona pakhonde lija. Usiku umenewo ndidalemba zonse: magazi pa fupa, shedi, bodza la kukwirira m'maluwa, milungu itatu. Ndidafufuta kawiri, kachitatu ndidatumiza. Timizere tiwiri tija tidasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Yankho lidabwera patapita masiku awiri. Adathokoza chifukwa cha uthengawo, adati galuyo ankandikonda, kenaka adati mtengo wa mandimu umene ndidabzala kuseri kwa khitchini masamba ake akuchita chikasu, kodi auchite chiyani. Za dzino sadatchulepo. Ndidawafunsa ngati masamba achikasuwo ndi akale kapena ongophuka kumene, ndipo ndidawauza kuti achepetse madzi, athire manyowa mozungulira tsinde koma osaligunda.